Timaeriyo ta Yagi pa droni ya DJI Mini 2: nyenyezi zitatu, imodzi mwa izo ndi ya asodzi a ku Senga Bay

Ndadikira milungu itatu ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwelo bwenzi a admin atandichotsa pa gulu. Mkwiyo watsikako tsopano, koma ya munthu amene anandigulitsa timaeriyo ta droni yanga ndiyinena ndithu.

Ndi timaeriyo tolimbitsa netiweki ya pakati pa rimoti ndi droni, tokhala ngati minga ya chambo, tovekeka pamwamba pa rimoti pomwe pamapanira foni. Ndinalipira K45,000, kuphatikizapo ya basi chifukwa bwanayo "sayenda ndi katundu". Tinafika patatha masiku anayi m'malo mwa awiri, m'kajumbo, popanda kapepala kalikonse kofotokoza kagwiritsidwe kake. Pulasitiki yake ndi yopepuka koma imagwira bwino, sitigwedera. Apa ndilibe mawu.

Mawu ndili nawo pa zomwe anandiuza pa WhatsApp, ndipo voice note yake ndikadali nayo. "Achimwene, ndi timeneti ndege yanu ipita kawiri mtunda wake. Makilomita 10 aja muwaiwale, muzinena 20." Ndinamufunsa za batire. Anaseka, akuti batire si nkhani. Munthu amene amagulitsa zinthu za droni n'kunena kuti batire si nkhani, ndinayenera kudziwa pomwepo kuti sanaulutsepo ngakhale kaiti. Ndipotu makilomita 10 amene amatchulidwa pa Mini 2 ndi a muyezo wa ku America, pamalo oyera popanda chosokoneza. Pa muyezo wa ku Ulaya ndi 6. Mphindi 31 za batire nazonso n'za tsiku lopanda mphepo. Langa, lomwe latumikira zaka ziwiri, likandipatsa 24 ndimathokoza.

Loweruka lina mu July ndinali ku Senga Bay ndi mlamu wanga. Mwera unali utayamba kale m'mawa, koma pamene tinaima panali mitengo kumbuyo kwathu ndi mpanda wa njerwa, ndiye sunkamveka kwenikweni. Kungoona mafunde okha munthu wanzeru akanapinda mapiko n'kukagula kampango. Ine ndinali ndi chidole chatsopano. Mabwato anali akubwera kuchokera ku usipa chakumpoto, dzuwa likuwala pamadzi, ndipo ndinati lero tiwone ngati bwana uja amanena zoona.

Ndinanyamuka, n'kuiloza kumpoto motsata gombe. Mwera umachokera chakummwera, ndiye kuti mphepo inali kumbuyo kwa droni, ikuikankha ngati minibasi yotsika pa Chingeni. Pa mamita 500 ndinali nditasiya kuiona ndi maso, kadontho kaja katasungunuka. Mlamu anati, "Alamu, kodi mukuionabe?" Ndinati ndikuiona pa foni. Pa kilomita imodzi ndi theka, pomwe kale chithunzi chinkayamba kudukaduka, nthawi iyi chinali mbee, timizere ta netiweki todzaza. Apa m'pomwe pali msampha wa katundu ameneyu. Kale netiweki ikayamba kufooka ndinkachita mantha n'kubwerera, ndipo mantha amenewo ndi omwe ankandisungira batire. Timaeriyo tinandichotsera mantha osandiwonjezera mphindi ngakhale imodzi.

Ndinafika makilomita 2.3. Ndinajambula mabwato, anyamata akukoka chilimira, zokongola zedi. Batire linali pa 58. Ndinadina batani loti ibwerere yokha n'kuika rimoti pamwendo ngati munthu wamkulu.

Cholakwa changa chachiwiri chinali pamenepo. Msinkhu wobwererera ndinauika pa mamita 100 kalekale, chifukwa ku Area 25 kwathu kuli mabulugamu ndi nsanja za mafoni, ndipo Mini 2 ilibe maso akutsogolo oti ipewe chopinga. Choncho m'malo moyamba ulendo, inayamba yakwera kuchoka pa mamita 40 kufika 100, n'kukalowa mumtima mwenimweni mwa mwera. Mphepo ya kumwamba imakhala yamphamvu kuposa ya pansi, ndipo kadroni aka ndi ka magalamu 249 basi, kopepuka kuposa paketi ya shuga ya theka la kilo. Malire ake pa mphepo ndi mamita 10.5 pa sekondi. Foni inayamba kufiira ndi chenjezo la mphepo yamphamvu. Ndinayang'ana liwiro: mamita 2 pa sekondi, kenako 1.4, nthawi ina 0.8. Mtunda unkatsika ngati mzere wa pa banki tsiku la malipiro. Batire lokha ndi lomwe linkathamanga.

Mphindi zinayi zinapita ine ndikungoyang'ana, m'kamwa gwa. Zinandidabwitsa kuti chithunzi chinali chokongolabe, chosaduka n'komwe. Ndinali kuonerera bwinobwino ndalama zanga zikukonzekera kumira. Pa 36 peresenti, nditatsala ndi makilomita 1.9, m'pamene mutu unabwerera. Ndinaletsa zobwerera yokha, n'kuitsitsa mpaka mamita 25, n'kusintha kaulukidwe kuchoka ku Normal kupita ku Sport, ka liwiro lalikulu. Pa Normal imalekezera mamita 10 pa sekondi, pa Sport imafika 16, ndiye imatha kuboola mphepo ngakhale imamwa batire ngati madzi. Liwiro linakwera kufika 5, nthawi zina 6. Ndinaikhotetsanso kuti isiye madzi iyende pamwamba pa mchenga, chifukwa batire likafika pothera droni imayamba kutera yokha ndipo sikufunsa kuti pansipo pali chiyani. Ungaichedwetse ndi ndodo yokwezera, koma kuiletsa ayi. Pamadzi timaso take tapansi timasokonezekanso ndi mafunde.

Inayamba kutera itatsala mamita 600. Chomaliza chomwe ndinaona pa foni ndi thandala la usipa likukula, ana akuthamanga, ndi mayi wina atanyamula beseni kumutu akuyang'ana kumwamba. Ndinaikankhira pambali momwe ndikanathera. Kenako mchenga, phazi la mwana, mdima.

Sindinathamangepo chotero chichokereni ku sekondale. Mlamu anatsala m'mbuyo ndi masilipasi m'manja. Nditafika ndinapeza gulu, pakati pake bambo wina wachikulire atakhala pa bwato lofulatitsa, droni ili pamwendo ataikuta ndi chipewa kuti ana asaigwire. Ndinagwada n'kupereka moni bwinobwino ngakhale mpweya unali utatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndege yake ndi yanu, bambo? Nanga woyendetsa amakhala kutali chonchi ndi ndege yake?" Anthu anaseka. Kenako ananena mawu omwe wogulitsa uja sanandiuze: "Ife mwera ukamawomba timayamba kupalasa molimbana nawo tikadali ndi mphamvu, kuti pobwera utibweretse. Inu mwachita chotembenuza." Ndinalibe choyankha. Inatera mamita awiri okha kuchokera pa thandala, ndipo ikanagwera pa mwana nkhani ikanakhala ina. Phiko limodzi linang'aluka nsonga, mchenga unalowa mu mota imodzi ndi mu gimbo, kachipangizo kogwirizira kamera. Ndinawapatsa ya sopo, anakana kawiri, kachitatu analandira.

Madzulo ake ndinalembera wogulitsa zonse. Timizere tiwiri ta buluu, osayankha. Lolemba anayankha ndi chala chimodzi chokweza. Chala! Lachitatu ndinaona waikanso malonda omwewo pa Facebook, mawu ake omwewo a "kawiri mtunda". Bwana, ngati mukuwerenga, katundu wanu ndi wabwino kuposa pakamwa panu. Mukanangoti amalimbitsa netiweki, bwenzi ndikukutumizirani makasitomala.

Chifukwa kunena zoona, nditapola ndinatiyesanso, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti timagwira ntchito. Sitiwonjezera mphamvu ya rimoti, tilibe batire kapena waya. Timangosonkhanitsa mafunde kuti apite mbali imodzi, monga tochi imachitira ndi kuwala poyerekeza ndi nyali. Mapeto ake kutsogolo kumalimba, m'mbali ndi kumbuyo kumafooka. Ndinayesa pa bwalo la mpira: droni ili mamita 300, nditangotembenuka kuti ndiyankhe munthu, timizere tinagwa nthawi yomweyo. Ndiye uyenera kuiloza ngati ukuloza mbalame ndi legeni, ndipo ikakhala pamwamba pa mutu wako n'kwabwino kungotivula. China chomwe bwana uja sanatchule: timaeriyo timeneti timapangidwira bandi imodzi ya mafunde a wailesi. Tanga ndi ta 5.8 GHz, pomwe Mini 2 imasinthasintha pakati pa 2.4 ndi 5.8 yokha. Ukapanda kulowa mu DJI Fly, pulogalamu yake ya pa foni, n'kusankha bandi yoyenera, theka la nthawi wangonyamula zokongoletsa. Ndinazitulukira ndekha nditayesa maulendo asanu.

Komwe tandithandiza kwenikweni ndi pafupi. Mu tauni, pomwe Wi-Fi ya nyumba iliyonse ikulimbana ndi rimoti yako, chithunzi changa chinkaduka ngakhale pa mamita 350. Tsopano chimakhala bata. Ndinajambula nyumba yomwe mchemwali wanga akumanga, kuzungulira katatu, osaduka ngakhale kamodzi. Pa ntchito imeneyo K45,000 siikundiwawa.

Za mtunda wautali ndazisiya. Malamulo a ndege m'maiko ambiri amanena zofanana kwa ife ongosewera: usapitirire mamita 120 m'mwamba, uziiona ndi maso ako, utalikirane ndi mabwalo a ndege ndi makamu a anthu. Tsiku lija ndinaphwanya la maso, ndipo ndilibe womunamizira. Amene amaulutsa kutali mwalamulo ali ndi malo awo ndi zilolezo zawo. Ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula dera loyesera madroni mu 2017, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege, ndipo kumeneko ndi ntchito yonyamula mankhwala ndi kujambula mapu, osati mwamuna wa zaka 38 wofuna kudabwitsa mlamu wake.

Chomwe chandiwonjezeradi nthawi m'mwamba ndi batire lachiwiri, lomwe ndinayenera kugula poyamba, ndi miyendo yanga. Ndikafuna mabwato ndimayenda wapansi mpaka pafupi nawo. Ndimanyamuka molimbana ndi mphepo monga anandiphunzitsira madala aja, msinkhu wobwererera ndimausintha malo alionse atsopano, ndipo pa 50 peresenti ndimakhala nditatembenuka kale. Mlamu ndamupatsa udindo woyang'ana kumwamba ine ndikayang'ana foni, ngakhale amafuna Fanta pa ulendo uliwonse.

Nyenyezi ziwiri ndi za timaeriyo, yachitatu ndi ya ku Senga Bay. Wogulitsa sindimupatsa kalikonse, ndipo amene akufuna nambala yake asandifunse ine. Gimbo ikadali ndi kaphokoso kakang'ono ikamayang'ana pansi, mchenga wina sunatuluke. Chithunzi cha mabwato chija ndinachitsukitsa chachikulu, chili mu envelopu m'galimoto, ndikawapatsa madala aja ndikapitanso kunyanja mwera ukatha.