Sitolo ya zimbale za kaunjika ku Rosettenville, kumene ndimagula Star Trek ndi kupezako ya sopo

Ku Rosettenville, kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, kuli sitolo yaing'ono yogulitsa zimbale za kanema za kaunjika imene ndakhala ndikupitako pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka zitatu tsopano. Ndaganiza zolemba za iyo chifukwa abale angapo a kumudzi amene tili nawo kuno akhala akundifunsa kumene ndimatenga katundu amene ndimagulitsa pa intaneti, komanso ngati malonda amenewa angathe kusunga munthu. Sitoloyi ilibe chikwangwani chooneka patali. Inapanikizika pakati pa okonza mafoni ndi ometa tsitsi, ndipo Amalawi a m'derali amangoti "kwa mdala wa ma DVD", pakuti mwini wake ndi bambo wachikulire wa konkuno amene amathandizidwa ndi mnyamata wa kwathu ku Mangochi.

Ndiyambe ndi chimene chinanditengera kumeneko, chifukwa popanda icho zonse zimene ndinene sizimveka. Masewero a nkhani zopeka za sayansi ndinayamba kuwakonda ndili mnyamata ku Ndirande, pa nthawi imene dziko lathu linalibe wailesi ya kanema yakeyake, popeza TVM inatsegulidwa mu 1999. Tinkaonera m'nyumba za vidiyo titathithikana pa mabenchi, ndipo zoonetsedwa zambiri zinali za karate ndi za mfuti. Tsiku lina mwini nyumbayo anaika tepi imene mbale wake anabwera nayo kuchokera kuno ku Joni, momwe munali magawo atatu a Star Trek: The Next Generation. Anzanga ambiri anatuluka akudandaula kuti anthu ake akungolankhula osamenyana, koma ine ndinatsala mpaka tepi inatha. Chingerezi sindinkachimva bwino, komabe ndinaona mkulu wa chombo cha mumlengalenga, bambo wadazi uja Patrick Stewart, akusonkhanitsa anthu ake kuti amve maganizo a aliyense asanagamule nkhani, monga mmene agogo anga aamuna ankachitira pabwalo. Patapita zaka ndinadzamva kuti dzina la Uhura, mayi wakuda amene Nichelle Nichols ankasewera mu Star Trek yoyamba ya mu 1966, linachokera ku liwu la Chiswahili lakuti uhuru, lomwe ndi ufulu wathu womwewu, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kuwaona masewerowa ngati za eni ake.

Munthu akalowa m'sitoloyi amayamba wadutsa mashelefu a mafilimu wamba, amene amagulitsidwa motchipa kwambiri moti sindiwayang'ana n'komwe. Chuma chenicheni chili kumbuyo, pa khoma lonse limene mdalayu anapatulira masewero a pa wailesi ya kanema okhala m'mabokosi a sizoni imodziimodzi. Katunduyu amachokera kwa mabanja amene akusamuka, kwa ana amene akuchotsa zinthu m'nyumba za makolo awo omwalira, ndi kwa anthu amene anasankha kumangoonera pa Netflix. Kuyambira pamene masitolo a Musica anatsekedwa mu 2021, malo ogula zimbale zatsopano anachepa kwambiri m'dziko muno, choncho amene akufunabe kukhala ndi bokosi lake m'manja amadalira masitolo ngati iyi. Masewero a ku America ndiwo ochuluka. A ku Britain akale, monga Doctor Who amene anayamba pa BBC mu 1963, amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mdalayu amati chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti wailesi ya kanema itayamba kuno mu 1976, bungwe la ochita zisudzo la ku Britain linkakaniza kuti ntchito za mamembala ake zionetsedwe m'dziko la tsankho, kotero anthu a msinkhu wake anakula asakuwadziwa.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri sitoloyi ndi chilungamo chake pa za mmene chimbale chilili. Pa kauntala pali kanema wamng'ono ndi makina oonetsera ma DVD, ndipo palibe bokosi limene limatuluka pakhomo lisanatsegulidwe pamaso pa wogula. Ndikukumbukira tsiku limene ndinapeza sizoni yachitatu ya Deep Space Nine, sewero lina la Star Trek, bokosi lake lili lowala ngati latsopano. Ndinali nditatulutsa kale ndalama, koma mnyamata wa ku Mangochi uja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Dikirani kaye achimwene, tiyambe taziona." Anatulutsa zimbale chimodzichimodzi, akuzigwira m'mphepete ndi zala ziwiri, n'kumaziyang'anitsa ku kuwala kwa pawindo. Pa chachinayi anaima, n'kundionetsa kamzere kopyapyala kozungulira motsata mkombero wa chimbalecho. Anandiuza kuti mzere wochokera pakati kupita kunja nthawi zambiri makina amaudumpha bwinobwino, koma wozungulira ndiwo umaimitsa chithunzi chifukwa umafufuta malo aatali a njira imene kuwala kumawerenga. Anachiika m'makina, ndipo pa gawo lachiwiri chithunzi chinaumadi. Mdala anachotsa R40 pa mtengo popanda ine kupempha, ndipo analemba pa kapepala kuti chimbale chachinayi n'chovulala, n'kukaika m'bokosimo kuti ndisadzaiwale kuuza amene angadzagule kwa ine. Kwa munthu amene amagula kuti agulitsenso, khalidwe lotereli n'lofunika kuposa kutchipa, popeza wogula wa ku Durban kapena ku Bloemfontein sandidziwa nkhope, ndipo chimene amadalira ndi mawu anga okha.

Anthu awiriwa amadziwanso nkhani ya zigawo, imene ogulitsa ambiri a m'misewu saidziwa kapena safuna kuitchula. Zimbale za DVD zinagawidwa potengera madera a dziko lapansi: America ndi Canada ali m'chigawo 1, South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi maiko a ku Ulaya ndi Japan, pamene Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa ali m'chigawo 5. Nambalayi imalembedwa kumbuyo kwa bokosi, pa kachithunzi ka dziko lapansi. Chimbale cha chigawo 1 chimakana kusewera m'makina amene anatsekeredwa ku chigawo 2, ndipo amene akufuna kutumiza bokosi kumudzi ayenera kufunsa kaye ngati makina a kunyumbako amalandira zigawo zonse. M'sitoloyi mabokosi ochokera ku America amaikidwa pa shelefu yawoyawo ndipo amamatidwa kapepala kofiira. Kangapo konse ndamva mnyamatayu akubweza wogula kuti apite akaone kaye makina ake, m'malo momulandira ndalama kuti akalire kunyumba.

Tsopano za ndalama, zimene ambiri amafuna kumva. Ndinene mosabisa kuti malondawa salipira lendi. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda, ndipo zogulitsazi ndimachita pa foni nthawi yopuma. Ndimajambula bokosi kutsogolo, kumbuyo ndi mkati, n'kuika pa Facebook Marketplace kapena pa Bob Shop, imene kale inkatchedwa bidorbuy. Wogula akalipira ndimatumiza kudzera pa Paxi ku sitolo ya PEP imene ili pafupi naye, ndipo ndalama yotumizira amalipira ndi iye. Mwezi wabwino ndimatsala ndi R600 kapena R700, mwezi woipa sindigulitsa kanthu, ndipo zikapezeka zimapita pa Mukuru kukathandiza mayi anga pa sopo, shuga ndi fetereza pang'ono. Malonda amayenda bwinoko chakumapeto kwa dzinja la kuno, pamene anthu akukonzekera Comic Con Africa, chionetsero cha okonda masewero otere chimene chinayamba mu 2018 ku Kyalami ndipo pambuyo pake chinasamukira ku Nasrec. Nthawi imeneyo anthu amakumbukira zimene ankakonda ali ana.

Phindu lake silichokera pa kugula motchipa kokha ayi, limachokera pa kudziwa masewerowo. The Next Generation inaonetsedwa kuyambira 1987 mpaka 1994, masizoni 7 ndi magawo 178. Masizoni oyambirira amapezeka paliponse chifukwa anthu ambiri ankagula ndi changu n'kutopera panjira, pamene omalizira ndi osowa, ndipo munthu amene ali ndi asanu ndi limodzi amalipira mosanyinyirika kuti apeze sizoni yachisanu ndi chiwiri. Choncho ine ndimasonkhanitsa pang'onopang'ono mpaka mndandanda utakwanira, n'kugulitsa wonse pamodzi. Wogula akafunsa ngati gawo lakutilakuti lili m'bokosi limene ndaika, ndimayankha nthawi yomweyo chifukwa ndinalionera kangapo. Mnzanga wina wa ku Turffontein anayesa malondawa atandiona, koma anagula mabokosi khumi mongoyang'ana kukongola kwa zikuto, ndipo mpaka lero ali pansi pa bedi lake. Sanalakwe kanthu pa kuwerengera ndalama; vuto linali lakuti sankadziwa chimene anthu akusowa.

Ndichenjezenso za akuba, popeza ndinalumidwapo. Munthu wina anagwirizana nane za mabokosi anayi, n'kunditumizira chithunzi cha umboni wakuti walipira, ndipo patapita mphindi zochepa dalaivala anafika kudzatenga katundu. Ndinapereka. Ndalamayo sinalowe konse mu akaunti yanga, ndipo nambala yake inazima tsiku lomwelo. Ndinapita kusitolo Loweruka lotsatira mtima uli wosweka, ndipo mdala atamva anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndisamakhulupirire chithunzi kapena uthenga wa pa foni, koma ndiziyang'ana ndekha m'akaunti kuti ndalama yafika ndisanatulutse kanthu m'manja. Anandilola kutenga mabokosi awiri pa ngongole kuti ndiyambirenso. Sitoloyi nayonso imasamala pa zimene imagula: amene wabwera kudzagulitsa amafunsidwa chiphaso kapena pasipoti ndipo amalembedwa m'kaundula, monga lamulo la kuno la 2009 lokhudza katundu wa kaunjika limafunira. Ena mwa abale athu amaipidwa nazo, koma ine zimandilimbitsa mtima kuti zimene ndagula si zakuba.

Zolakwika zilipo, ndipo sindizibisa. Malo ndi opanikiza kwambiri, moti anthu atatu akaima ku khoma la kumbuyo wachinayi amadikira panja. Mabokosi ambiri alibe mitengo yolembedwa, ndipo mdala amatchula mtengo kuchokera m'mutu, zimene zimachititsa kuti bokosi limodzimodzi likhale R120 sabata ino ndi R150 sabata yamawa. Sindikhulupirira kuti amachita dala, koma kwa wogula kuti akagulitsenso kusiyana kotereku kumadya phindu lonse. Ndawapempha kangapo kuti azimata mitengo, ndipo amavomera koma osachita. Salandira khadi, choncho munthu amayenda ndi ndalama m'thumba, chinthu chimene sindichikonda m'misewu imeneyi. Magetsi akazima makina oyesera amagona, ndipo pa masiku otero ndimalangiza kuti musagule chilichonse chodula, ngakhale bokosi likuwala bwanji. Auzeni akusungireni, amasunga kwa sabata imodzi. Katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, pokhapokha ngati chimbale sichinayesedwe.

Pali mabokosi ena amene sindigulitsa, ndipo mayi a kunyumba amadziwa kuti shelefu ya pamwamba pa kanema si ya malonda. Pamenepo pali Deep Space Nine, sewero la 1993 mpaka 1999 limene Avery Brooks amasewera mkulu wa malo ofikira zombo, bambo wakuda wofedwa mkazi amene akulera yekha mwana wake wamwamuna kutali ndi kwawo. Kwa munthu amene anasiya ana ku Blantyre kudzasaka ntchito kuno, nkhani imeneyi imafika pamtima. Anthu amandifunsa chifukwa chimene ndimavutikira ndi zimbale pamene zonse zili pa intaneti. Yankho loyamba ndi data, imene imadula. Lachiwiri n'lakuti zimene zili pa intaneti lero zimatha kuchotsedwa mawa popanda kufunsa woonera. BBC yeniyeniyo inafufuta matepi ambiri a Doctor Who m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo magawo 9 mwa otayikawo anadzalengezedwa mu 2013 kuti apezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, m'chipinda cha nyumba youlutsira kanema kumene mafilimu ake anangosiyidwa pa shelefu. Ndikaganiza za zimenezi ndimaona kuti khoma la kumbuyo la mdalayu likugwira ntchito yofanana ndi ya chipinda chija.

Amene akufuna kupitako afike Loweruka m'mawa, chifukwa katundu watsopano amatsitsidwa Lachisanu madzulo ndipo pofika masana abwino amakhala atapita. Atenge ndalama zosinthasintha, alembe papepala masizoni amene akusowa, ndipo asachite manyazi kupempha kuti chimbale chilichonse chiyesedwe. Ine pa shelefu yanga pakusowa sizoni yachisanu ndi chimodzi ya Deep Space Nine, imene ndaifunafuna kwa chaka ndi theka. Loweruka lapitali mnyamata uja anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundiuza kuti banja lina la ku Alberton likusamuka ndipo lalonjeza kubweretsa makatoni atatu. "Ikakhalamo ndikuimbirani ndisanaiike pa shelefu, achimwene," anatero, ndipo nambala yanga anailemba pa chikuto cha kaundula.