Tanthauzo la mawu a jenda mu kafukufuku: tilitenge ku lamulo, kwa a zaumoyo, kapena kwa eni ake?

Aliyense wolemba kafukufuku wokhudza jenda kapena za kugonana amafika pa kachigawo kaja ka m'mutu woyamba kofotokoza matanthauzo a mawu. Ambiri timakapeputsa, timangokoperamo ziganizo ziwiri za pa intaneti n'kupitirira. Komatu gwero la tanthauzo lanu ndi limene limasankha anthu amene muwawerenge ndi amene atsale kunja. Magwero amene anzathu amathamangirako ndi atatu, ndipo sanena zofanana.

Lamulo ndi limene limakopa kwambiri chifukwa palibe supavaiza angakufunseni kuti mwazitenga kuti. Lamulo la za maukwati la 2015 limati munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira, basi. Gawo 153 la malamulo a zilango limaletsa kugonana kosemphana ndi chilengedwe, chilango chake mpaka zaka 14, ndipo mu Juni 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kulithetsa. Ngati mukufufuza za milandu, apolisi kapena ndende, simungachitire mwina, muyenera kulemba zimene lamulo likunena. Koma lamulo analilembera kugamula milandu, osati kulongosola moyo wa anthu. Gawo 153 lija silitchula n'komwe gulu lililonse la anthu. Limanena za mchitidwe umene munthu wina aliyense angachite. Wophunzira amene walisandutsa tanthauzo la kafukufuku wake wa zachikhalidwe amakhala wawazenga mlandu ofunsidwa ake asanawapatse ndi moni.

Matanthauzo a mabungwe a zaumoyo ndi amene ndimawapeza m'mapepala ambiri, ndipo pali chifukwa chomveka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limasiyanitsa zinthu ziwiri: thupi limene munthu anabadwa nalo, ndi jenda, yomwe ndi maudindo komanso makhalidwe amene anthu amayembekezera kwa mwamuna kapena mkazi. Kusiyanitsa kumeneku kunatchuka ndi Ann Oakley, katswiri wa zachikhalidwe wa ku Britain, mu 1972, ndipo kumathandiza: manambala anu mungawaike pambali pa a ku Zambia kapena ku Kenya n'kuyerekeza. Mawu oti MSM, kunena amuna ogonana ndi amuna anzawo, anachokera kwa ofufuza za Edzi m'zaka za m'ma 1990. Iwo ankafuna kudziwa mmene kachilombo kakuyendera, osati dzina limene munthu amadzitchula, chifukwa bambo wa mkazi ndi ana akhoza kugonanso ndi amuna koma osavomera dzina lililonse.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi chaka. WHO yemweyo ankaika kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda a maganizo mpaka pa 17 Meyi 1990. Nkhani ya anthu amene amadzimva mosiyana ndi thupi limene anabadwa nalo inachotsedwa m'chigawo cha matenda a maganizo mu ICD-11, mndandanda watsopano wa matenda wa WHO, wovomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Ndiye kulemba kuti WHO ikuti chakuti osatchula chaka, n'chimodzimodzi osanena kanthu. Msampha wachiwiri ndi woti mawu owerengera mchitidwe amameza anthu. Kumbukirani Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene anachita chinkhoswe mu Disembala 2009, n'kulamulidwa kukakhala kundende zaka 14 mu Meyi 2010 Bingu wa Mutharika asanawakhululukire. Nyuzi za kuno ndi zakunja zinawatchula amuna awiri okwatirana, pomwe Tiwonge mwini wake ankadziona kuti ndi mkazi. Fomu ya MSM ikadamuika m'bokosi limene iye amalikana, ndipo funso lonse la kafukufuku likadasokonekera pomwepo.

Ngakhale tanthauzo la jenda lenilenilo silikwana ponseponse. Oyèrónkẹ́ Oyěwùmí wa ku Nigeria, katswiri wa zachikhalidwe, analemba mu 1997 kuti pakati pa Ayoruba akale a kwawoko ulemu unkayendera ukulu wa zaka osati umuna kapena ukazi. Ena anamutsutsa naye, koma chenjezo lake limatikhudza. M'midzi ya chikamwini, funso loti mutu wa banja ndani limatsogolera wofunsayo kwa mkamwini amene akulima munda wa kuchikazi, chonsecho za ana amagamula ndi malume, mwinimbumba.

Gwero lachitatu ndi kufunsa anthuwo kuti amadzitchula bwanji, n'kulemba zomwezo. Kwa ofufuza pocheza ndi anthu ochepa mozama, ine ndimakonda njira imeneyi kuposa zinazo, chifukwa mawu a munthu amanyamula mantha ake, tchalitchi chake ndi kumene anakulira. Kuvuta kwake n'koti mayankho sagwirizana. Wa ku Blantyre wina adzitchula ndi mawu a Chingerezi amene anawamva kubungwe, wa kumudzi akana dzina lililonse, wina agwiritsa ntchito mawu achipongwe oti mathanyula podziseka yekha. Mawu oterewa akhale m'kamwa mwa wowayankhulayo, asalowe m'ziganizo zanu. Palinso ntchito imene ambiri saiyembekezera: pocheza m'Chichewa aliyense ndi iye, koma pomasulira m'Chingerezi muyenera kusankha pakati pa he ndi she, choncho funsani mwini wake nthawi ikadalipo. Ndipo poti gawo 153 likugwirabe ntchito, komiti yovomereza kafukufuku ngati COMREC ya ku sukulu ya zachipatala ku Blantyre idzafuna kuona mmene mubisire mayina ndi malo.

Kusankha kwanga kuli motere. Ofufuza za milandu agwiritse ntchito lamulo, koma alembe kuti awa ndi mawu a lamulo. Owerengera matenda atenge a WHO, atchule chaka, ndipo pafomu pakhale mafunso atatu osiyana: munabadwa ndi thupi lotani, mumadziona kuti ndinu ndani, mumagonana ndi ndani. Ocheza mozama atsatire mawu a eni ake, koma m'mutu woyamba afotokoze mawu amodzi amene iwo monga olemba awagwiritse ntchito, chifukwa chake, ndi amene amawakana mawuwo. Chimene oyesa mayeso amagwira msanga ndi pepala limene lalonjeza tanthauzo la WHO patsamba 5, koma pofika mutu wachinayi lawerengera anthu motsatira lamulo la 2015.