AP Diving Inspiration XPD: ndi yabwino, koma si ya aliyense

Nyenyezi 4 mwa 5. Rebreather iyi, makina opumira pansi pa madzi amene amakubwezerani mpweya womwewo, imapangidwa ku Helston, ku England. Mpweya umene mwapuma sutayika ngati thovu. Umadutsa mu Sofnolime, mankhwala a timibulu olemera pafupifupi makilogalamu 2.5 amene amayamwa carbon dioxide, kenako makina amawonjezera okosijeni kuchokera mu silinda ya malita 3.

Phindu lake limaonekera pakuya. Pa mamita 60, munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali kumtunda amafuna malita 140 pa mphindi akamapumira m'masilinda wamba. Masilinda awiri a malita 12 odzaza mpaka 200 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) amakhala ndi malita 4,800, ndiye pakangodutsa theka la ola, atha, osawerengera wosungira pobwerera. Ngati munasakaniza helium, mpweya wodula wogwiritsa ntchito polowa pakuya, ndalama zonsezo zapita ndi thovu. Pa Inspiration, thupi limangodya pafupifupi lita imodzi ya okosijeni pa mphindi, kaya muli pa mamita 10 kaya 60. Mpweya wake ndi wofunda, pakhosi sipauma, ndipo nsomba sizikuthawani.

Nthawi yosiya masilinda wamba n'kusinthira ku rebreather ndi iyi: pamene mpweya ndi mtengo wa helium ndi zimene zikukutulutsani m'madzi. Amene amangoonera mbuna pa mamita 15 ku Cape Maclear asavutike, silinda wamba ikukwanira.

Ntchito yake ndi yambiri. Sofnolime amafunika kumutsendera bwino, chifukwa akasiya mpata carbon dioxide amadutsa osayamwidwa, ndipo makina sangakuuzeni pokhapokha mutaikamo sensa yake yapadera. Mumayamba kupuma mwabefu, mutu kuwawa, maganizo kusokonezeka. Musapitirire maola atatu ndi Sofnolime mmodzi m'madzi ozizira. Madzi akalowa n'kusakanikirana naye, amabwera m'kamwa owotcha.

Masensa a okosijeni alipo atatu, ndipo amakalamba ngakhale makinawo atangokhala m'nyumba. Sensa yotopa imatha kuonetsa 1.3 bar, mlingo wabwino, pomwe okosijeni wadutsa 1.6 bar, mlingo umene ungamugwetse munthu khunyu pansi pa madzi. Musinthe masensa isanathe miyezi 18, koma osati onse atatu tsiku limodzi. Musanalowe, yesani ngati paipi ikutulutsa mpweya poifufumitsa ndi poiyamwa, kenako pumiranimo mphindi zisanu mutatseka mphuno, maso ali pa manambala a okosijeni. Mukalowa, muziyang'ana manambalawo mphindi iliyonse.

Chimene chimakhumudwitsa akatswiri a open circuit, kapena kuti masilinda wamba otulutsa thovu, ndi ichi: kukoka mpweya sikukukwezaninso, kuutulutsa sikukutsitsani. Luso la zaka zambiri limayambiranso pachiyambi, ndiye maola oyamba akhale a malo osaya, mutaphunzitsidwa ndi mlangizi wa makina omwewa. Silinda ya bailout, yopumira makina akalephera, yokwana kukufikitsani pamwamba imanyamulidwabe, choncho katundu sachepa.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha kulemera kwake paulendo wa pandege, ndiponso ndalama za masensa ndi Sofnolime chaka ndi chaka. Amene amalowa m'madzi kangapo pachaka asagule, manja amaiwala.