Mmisiri wa aircon waku Kapata: amayamba wapima asananene za gasi

Amene aircon yanu yakana kuyaka muno mu Chipata, kuli mmisiri wina ku Kapata amene ntchito amaidziwa, ngakhale kusunga nthawi kokha ndiye ayi. Yathu ndi split (ija ya zigawo ziwiri, china mkati china panja) ya 12000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa), inasiya kuziziritsa malaiti atabwera usiku, mu Okutobala muno kotentha mvula isanagwe.

Pa foni pomwe abambowa anayamba ndi mafunso, ndalama osatchula. Mabatire a rimoti mwasintha? Ili pa cool kapena ana anaidina pa fan? Breaker mu DB (bokosi la magetsi la m'nyumba) sinagwe? Ati mukayatsa dikirani kaye mphindi 3 chifukwa kompresa (mota ya m'chimakina cha panja yopopa gasi yoziziritsa) imachedwa dala kuti isaonongeke. Zonsezo zinali bwino, ya mkati imauzira mphepo yotentha chabe, koma chimakina cha panja chimangolira huuu osazungulira.

Atafika anazimitsa isolator (switchi ya aircon) ya pakhoma, kutsegula kachivundikiro ka pambali nkundionetsa capacitor, kachitini ka siliva kotupa pamwamba. Anakapima ndi mita ine ndikuona, polembedwa 35 µF mita imaonetsa zochepa kwambiri. Kameneka ndi kamene kamapatsa kompresa mphamvu yoyambira, ndipo ati osakagwira ndi manja olo mwazimitsa, kamasunga moto. Ataika katsopano makina anadzuka pompo.

Apa ndi pamene ndinawakhulupirira, chifukwa amisiri ena akangofika pageti amati gasi yatha bwana, tidzaze, chonsecho sanaike geji yopimira gasiyo. Awa anaika geji nkunena kuti gasi ili bwino, ndipo ya aircon siitha yokha ngati ya pa stovu, ikachepa ndiye kuti paipi ikudontha penapake, kudzaza osatseka pamenepo nkutaya ndalama. Mafilita anali bii ndi fumbi, anatsuka pampopi osawonjezera mtengo. Anatiuzanso tigule guard yoteteza magetsi akamabwera mwamphamvu, komanso tiziona analimata, akalowa pa board ya panja amaotcha zinthu.

Chodandaula changa ndi nthawi. Anati 9 hours, anafika 14 hours, capacitor analibe mchikwama mpaka anakwera njinga kukagula ku Down Shops ife tikuwauka thukuta. Lisiti ya capacitor anabweretsa, koma ya ntchito yawo sapereka, ndiye ngati ndi za ofesi muwauziretu.