Matimati akalekale aja ndinafesa mu Malichi: papita miyezi 11, nazi zomwe ndaona

Mu Malichi chaka chatha ndinalonjeza kuti ndidzabweranso kudzanena za matimati achilendo aja ndinafesa kuseri kwa nyumba kuno ku Kalongwezi mu Chipata, aja azungu amati heirloom, kutanthauza mbewu zakale zomwe mabanja akhala akusunga okha chaka ndi chaka, osati ma hybrid a F1 timagula ku ma agro aja oti ukasunga njere zake chaka chamawa zimabereka zina ndi zina. Nthawi imene ija anali akadali pa nazale, ndinalibe chonena kupatula chimwemwe chabe. Manje tili mu Febuluwale, ndakolola, tadya, ena andifera ndikuona, mbewu ndasunga, ndiye ndingathe kulankhula ndithu.

Kwa amene simunamve poyamba, mbewuzi anandibweretsera mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, atabwera pa Khisimasi. Timapaketi tisanu: Brandywine, Cherokee Purple, Black Krim, San Marzano ndi Yellow Pear. Ndinawokera mitengo 6 pa mtundu uliwonse, yonse 30, ndipo pambali pake ndinaika mzere umodzi wa Tengeru 97 amene ndimalima nthawi zonse kuti ndizitha kuyerekeza. Tengeru uyu ndi uja anachokera ku Tanzania, pafupi ndi Arusha, ndipo alimi ambiri kuno amamudziwa. Ndinawokera mu Epulo mvula ikutsanzika, phando lililonse manyowa a ng'ombe owolerana manja awiri ndi kachivindikiro ka botolo kamodzi ka feteleza wa D Compound, pamwamba ndinaphimbira udzu. Madzi ndi a pachitsime chathu, pa kheni.

Choyamba chomwe ndinalakwitsa ndi mitengo yochirikizira. Ndinazika timitengo tofika m'chiuno monga ndimachitira ndi Roma, osadziwa kuti awa sasiya kukula, amangopitirira kukwera ndi kuchita maluwa mpaka atafa. Pofika kumapeto kwa Meyi anali atapitirira timitengo tonse, ena agona pansi, Brandywine mmodzi anathyoka pakati usiku wa mphepo. Ndinapita kukagula nsungwi zazitali, zoposa mamita awiri, n'kumamanga ndi tinsalu ta chitenje chakale chifukwa chingwe cha nayiloni chimacheka tsinde. Komanso Loweruka lililonse kunali kuthena mphukira zija zimatuluka pakati pa tsinde ndi tsamba, ukangodumpha sabata imodzi umapeza tchire. Ntchito imeneyi musaipeputse, mitengo 30 imakudyera m'mawa wonse.

Amene anayamba kupsa ndi Yellow Pear, kumayambiriro kwa Julayi. Timatimati tachikasu tating'ono tokhala ngati kachikho, ndipo amabereka mosaleka, koma kukoma kwake n'kwapakatikati, mu ndiwo sakometsa kwenikweni. Ana ndiwo anamukonda, akaweruka ku sukulu amangothyola n'kumaponya m'kamwa. Za iye ndilibe zambiri.

Cherokee Purple ndiye ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Ameneyu kwawo ndi ku Tennessee ku America, ndipo amati mbewu yake inkasungidwa ndi anthu a mtundu wa Cherokee. Akapsa safiira ngati matimati athuwa, amada, kukhala ngati mtundu wa chiwindi, ndipo kumapewa kwake pafupi ndi kachipewa kumakhalabe kobiriwira. Tsiku lomwe ndinathyola woyamba amayi a kunyumba anamutembenuza kawiri m'manja n'kunena kuti "abambo, awa awola, musatidyetse." Mwamwayi sabata imeneyo kunali amayi anga ondibereka, anabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi adokotala a maso. Iwo sanalankhule, anatenga mpeni n'kumudula pakati pa mbale yazitsulo, mkati monse munali mnofu wokhawokha wakuda bii chofiirira, njere zochepa, madzi akuchucha mpaka m'chigongono. Anawaza kamchere, analuma, anakhala chete kaye, kenako akuti "mwanawe, fungo ili ndinalisiya kalekale ku dimba kwa agogo ako." Anadya lonse okha, opanda nsima. Ine zinandikhudza kwambiri chifukwa amayi masiku ano chakudya sachifuna kwenikweni, timachita kuwanyengerera. Tsiku lobwerera ndinawamangira anayi mu kabokosi ndi manyuzipepala, awiri anafika ataphwanyika, ndipo apa ndi pomwe vuto la matimati amenewa linayamba kuonekera.

Khungu lawo ndi lopyapyala kwambiri. Ndinayesa kutengera beseni imodzi ku msika wa Kapata kwa mayi wina amene ndimagulako lepu, anali Cherokee Purple ndi Black Krim osakaniza. Anatenga limodzi, anadina pang'ono ndi chala chachikulu, chala chinalowa. Akuti "bambo, awa pa tebulo sangagone masiku awiri, ndiponso kasitomala akaona kuda uku aziti ndikumugulitsa zoola." Sananame ayi. Matimati a pa msika amachoka ku madimba pa njinga kapena pa canter ali m'mabokosi osanjikizana, amafunika olimba oti apirire mabampu ndi dzuwa la tsiku lonse, n'chifukwa chake Tengeru ndi ma hybrid ndiwo adzadza pamenepo. Ndiye amene mukuganiza zolima awa kuti mupeze ya fizi ya ana, chonde musatero, mudzalira. Anandigulako ndi anthu awiri atatu a kuchalichi amene analawa kunyumba, basi.

Black Krim amachokera ku Crimea m'mbali mwa Black Sea, maonekedwe ake akufanana ndi Cherokee koma ndi wocheperako, ndipo kukoma kwake kuli ngati muli kale kamchere. Uyu ndiye anandibalira bwino kuposa akuluakulu onse, kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka Seputembala ndinkathyola pafupifupi tsiku lililonse. Vuto lake amang'aluka mozungulira kachipewa, makamaka ukadumphitsa kuthirira masiku awiri kenako n'kuthira madzi ambiri kamodzi. Ndinaphunzira kumuthyola atangoyamba kusintha mtundu n'kumusiya apsere m'nyumba pa lichero, kukoma sikusintha ndipo mbalame sizimupeza.

Brandywine wandikhumudwitsa, ndinene zoona, chifukwa ndi amene ndinkamuyembekezera kwambiri. Ndi mbewu ya ku America ya zaka zoposa 100, masamba ake ali ngati a mbatatesi osati a matimati, moti aneba ankafunsa ngati ndabzala mbatatesi pa nsungwi. Anachedwa kupsa kuposa onse, mpaka pakati pa Ogasiti, ndipo mtengo umodzi umandipatsa matimati anayi kapena asanu basi. Inde ndi akulu, limodzi ndinaliika pa sikelo ya ku kitchini linakwana hafu kilo, ndipo ndi okoma zedi, koma maluwa amene anatuluka m'kuzizira kwa Juni anabereka opindikapindika okhala ndi zipsera kunsi, theka umataya. Madzi omwe ndinathira pa mitengo 6 ija ndikanathira pa Black Krim bwenzi tikudya mpaka kugawira mzere wonse wa nyumba.

San Marzano ndi wa ku Italy, kufupi ndi Naples m'munsi mwa phiri la Vesuvius, wautali ngati Roma koma wosongoka kunsi. Amayi a kunyumba uyu ndiye wawo. Alibe madzi ambiri, ndiye ukakazinga ndi anyezi supu imagwira msanga, yofiira bwino, yosawawasa, pa kapenta kapena nyemba atatu okha akwana pomwe ena umafuna asanu. Zipatso zake zoyamba zinkada kunsi, kuuma ngati chikopa, ine n'kumaganiza kuti ndi matenda ndithu ndinatsala pang'ono kuzula yonse. Mlangizi wina wa zaulimi amene timapemphera naye ndi amene anandiuza kuti si matenda, ndi mchere wa m'nthaka wotchedwa calcium umene sukufika ku chipatso chifukwa nthaka ikumauma kenako kunyowa, kuuma kenako kunyowa. Ndinaonjezera udzu wophimbira, kuthirira m'mawa uliwonse muyezo umodzimodzi, ndipo top dressing ndinasiya urea n'kuika CAN pang'ono. Mikoko yotsatira inatuluka yoyera bwino.

Manje za adani. Tuta absoluta, kagulugufe kaja kanalowa mu Zambia muno mu 2016 n'kusautsa alimi a matimati dziko lonse, kanafika mu Ogasiti kutangoyamba kufunda. Mukaona tsamba lili ndi timawindo toyera toonekera kuwala, mkati muli kambozi kakang'ono, ndipo kakatha masamba kamaboola chipatso pansi pa kachipewa. Sikasankha, kanagwira onse pamodzi ndi Tengeru. Ine madzulo aliwonse ndinkathothola masamba ogwidwawo n'kukawotcha, ndinagula kamsampha ka pheromone, fungo lokopa tigulugufe tatimuna, n'kuika pamwamba pa beseni la madzi a sopo, m'mawa umapeza tagwamo tambirimbiri, ndipo ndinkapopera madzi a masamba a nimu. Pa dimba laling'ono izi zimathandiza ndithu ngakhale sizimaliza. Mankhwala a mu shopu ndinapopera kawiri kokha chifukwa ana amadya zosatsuka, ndipo Tuta amazolowera mankhwala msanga ukamabwereza amodzimodzi.

Okutobala ndi amene anatseka nkhani. Kutentha kwa Chipata mukukudziwa, maluwa ankangoyoyoka osagwira chipatso, kenako akangaude ofiira aja anadzadza kunsi kwa masamba, masamba n'kuchita mbuu ngati awazidwa phulusa. Chitsime nachonso chinatsika, kheni imodzi kudikira mpaka madzi abwerere. Ndinazula yonse kumapeto kwa mweziwo.

Pali chinthu china chomwe ndinachita chimene ndikupempha musatengere. Poona kuti mu Januwale ndi Febuluwale matimati amadula, ndinafesanso Black Krim ndi Cherokee mu Okutobala kuti adzapse nthawi ya dzinja. Anakula bwino kwambiri ndi mvula yoyamba, obiriwira, mitengo yonenepa kuposa ya nthawi yozizira. Itangogwa mvula ya mswera ija ya masiku anayi osaona dzuwa kumapeto kwa Disembala, chiwawu chinalowa. Madontho akuda pa masamba, kunsi kwake tinkhungu toyera, kenako tsinde kuda, zipatso zosapsa kuchita zigamba zabulauni zolimba. Ndinapopera mancozeb koma ndinachedwa, mankhwala amenewa amateteza matenda asanalowe, sachiza, ndiponso mvula imangotsuka. Masabata awiri sanakwane, mitengo 12 yonse inapita, sindinalaweko ngakhale limodzi. Zinandiwawa, ndinakhala masiku angapo osafuna kuzungulira kuseri.

Chomwe chinatsala chobiriwira pa yadi yonse ndi timatimati tija ting'onoting'ono timamera tokha pa dzala, topanda feteleza, topanda nsungwi, tongoyanga pa mpanda. Nato tinagwidwa masamba apansi koma mpaka lero tikubereka, ndipo ndi tomwe tikuthira mu chibwabwa ndi delele mwezi uno. Amayi atamva pa foni anati kumudzi amenewo sanagulepo mbewu yake chibadwire. Ndatolako takupsa bwino, njere zake ndasunga pamodzi ndi za ku Johannesburg, chifukwa nazonso ndi mbewu ya makolo ndithu, yathu.

Kasungidwe ka mbewu ambiri munandifunsa, ndipo apa ndi pomwe matimati awa amabweza ndalama, chifukwa njere zake zimabereka chimodzimodzi ngati mayi wake. Sankhani chipatso chakupsa kwambiri pa mtengo wathanzi, osati chotsalira kumapeto. Finyirani njere ndi madzi ake omwe mu kapu, siyani masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite kankhungu, kununkha kumakhalapo koma musataye, n'komwe kumachotsa kamadzi koterera kaja kamaletsa njere kumera. Kenako thirani madzi, zabwino zimamira, zoyandama tayani, tsukani, yanikani pa mbale pamthunzi osati padzuwa sabata yathunthu. Ine ndimaika mu envelopu, kulemba dzina ndi mwezi, envelopu mu botolo lotseka bwino. Ndinayesa kumeretsa njere 10 za Black Krim pa kansalu konyowa sabata yatha, zamera 9.

Ndiye chaka chino ndichita chonchi. Nazale ndifesa sabata yoyamba ya Malichi pansi pa kadenga ka udzu, kuti ndiwokere mu Epulo ndi kukolola Julayi mpaka Seputembala Tuta ndi dzuwa zisanakwiye. Malo ndisintha, ndipita mbali ija munali chimanga, chifukwa pomwe panali matimati, mabilinganya kapena mbatatesi sipayenera kubwereranso matimati msanga. Black Krim mitengo 10, San Marzano 10, Cherokee Purple inayi chifukwa cha amayi, Yellow Pear umodzi pa mpanda wa ana. Brandywine ndamusiya, njere zake zilipo ngati wina ali ndi madzi okwanira ndi mtima wodikira. Tengeru akhalapobe mzere wake, ndi amene amagona sabata pa lichero osafewa, ndipo dzinja likadzafika ndidzangosamala tating'ono ta pa dzala tija.

Amene muli konkuno ku Chipata ndipo mukufuna kuyesa, njere za Black Krim ndi San Marzano ndili nazo zambiri kuposa zomwe ndingafese, sindigulitsa. Mungobwera ndi envelopu yanu Malichi asanafike, ndipo nsungwi muyambiretu kufunafuna.