Kontrakitala amene anandimangira nyumba ku Ulongwe

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za bambo aja anandimangira nyumba kuno ku Ulongwe, ndiye ndingoyankha pano kamodzi. Dzina sinditchula.

Pa maziko pokha ayi ndithu, bambowa ntchito amaidziwa, anakumba mpaka kufika pa dothi lolimba ndipo thumba la simenti la 50 kg sankalikokera ngati enawa amene amangothira mchenga wambirimbiri kenako pulasitala kumafumbutuka ukangokanda ndi chala. Masiku 7 onse anyamata awo ankathirira konkire m'mawa ndi madzulo, ndinkaona ndekha.

Mavuto anayambira pa denga. Ndinawatumizira ndalama zonse za malata pa M-Pesa (apa ndinalakwa ndine, mayi a kunyumba anandichenjeza koma sindinamve), basi munthu anasowa milungu itatu, foni osayankha, kenako ndikumva zoti ali ku Moatize apeza obra (ntchito yomanga) ina. Atabwera anakhoma malata mothamanga, misomali ina inaphonya matabwa, ndiye mvula ya kuno ku Angónia mukuidziwa mmene imagwera, usiku woyamba tinachezera kutchera mabeseni pabalaza. Zenera la kuchipinda nalonso linapendama, mpaka lero timalitseka ndi waya.

Anabwera kudzamata modontha monse osalipiritsa, pamenepo ndiwayamike. Koma mukawalemba ntchito muzilipira gawo limene amaliza basi, ndipo malata mukagule nokha, kaya ku Tete kaya kudutsa pa Calomue kukafika ku Dedza.