Miyezi 8 ndikufupikitsa manambala ndi Intl.NumberFormat

Papita miyezi 8 chitayireni kafankishoni kanga kakale kofupikitsa manambala. Kankagwira ntchito mwachidule: nambala ikapitirira 1000, kagawe ndi 1000 n'kumata K kumapeto, ikafika miliyoni, kamate M. M'malo mwake ndinamanga API yaing'ono (njira yomwe makodi ena amaitanira kodi yanga) pamwamba pa Intl.NumberFormat, chida cha JavaScript cholembera manambala molingana ndi chiyankhulo, pogwiritsa ntchito notation: "compact" yomwe inabwera ndi ES2020, mtundu wa JavaScript wa chaka cha 2020.

Chomwe chinandichititsa manyazi msanga ndi maganizo anga oti anthu onse amawerenga manambala akuluakulu podumpha masauzande. Ayi ndithu. M'Chijapani 12345 imatuluka 1.2万, chifukwa kumeneko amadumpha ndi 10000, ndipo 100000000 ndi 1億. Chingerezi cha ku India chimalemba 150000 ngati 1.5L, L kutanthauza lakh, yomwe ndi 100000. Chijeremani nacho sichifupikitsa masauzande m'pang'ono pomwe, chimadikira miliyoni kuti chilembe "1,2 Mio." Tsono API yanga poyamba inkalola woitana kusankha yekha kuti akufuna K kapena M, ndipo inkabweza nambala payokha, chilembo pachokha. Zonsezo ndinazigwetsa m'mwezi wachiwiri. Panopa woitana amangopereka nambala, locale (chiyankhulo ndi dera), ndi kusankha "short" kapena "long". Zotsalazo amadziwa ndi a CLDR, nkhokwe ya Unicode ya kalembedwe ka ziyankhulo, omwe deta yawo imafika mu msakatuli kudzera mu laibulale yotchedwa ICU. Amene akufuna kuchepetsa chilembocho pa sikirini amachitenga ku formatToParts, fankishoni yobweza zotsatira m'zidutswa, komwe chimabwera ndi dzina loti "compact".

Nkhani yozungulitsa ndiyo inandidyera nthawi. 1234 imakhala 1.2K, 12345 imakhala 12K, zimenezo zili bwino. Koma 999999 imasanduka 1M. Pa chiwerengero cha anthu amene aonera kanema, palibe wodandaula. Pa ndalama zotsala mu akaunti, munthu akuuzidwa kuti ali ndi zomwe alibe. Ndinawonjezera roundingMode: "trunc", yomwe inafika ndi ES2023 ndipo imangodula nambala osaikweza, ndipo ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanaikakamiza kuti aliyense aisankhe yekha poitana.

Mayeso anga anagwanso tsiku lina popanda chifukwa chooneka. "1,2 k" ya Chifalansa ndi "1,2 k" yomwe ndinalemba pa kiyibodi zinkafanana m'maso, koma mpata wapakatiwo si wamba, ndi uja woletsa mzere kuduka. Ndinataya masana onse. Chiyambire pamenepo sindiyerekezanso mawu athunthu m'mayeso, makamaka poti deta ya CLDR imasintha, ndipo seva ndi msakatuli zikhoza kukhala ndi ICU yosiyana.

Za liwiro, kupanga formatter (Intl.NumberFormat) watsopano pa mzere uliwonse wa tebulo kumachedwetsa zinthu. Ndimasunga mmodzi pa locale iliyonse, basi.

Chomwe ndikulimbana nacho panopa ndi m'lifupi mwa malo. Bokosi lomwe 1.2K imakwanamo bwinobwino limapanikiza "1,2 mil" ya Chisipanishi, ndipo mnzanga wokonza maonekedwe akukanabe kulikulitsa.